Nyimbo Imene Ndinaikalambitsa

Amene akulemba mawu awa si ine. Ine cholembera ndimachigwira ngati mpeni wosendera mbatata, ndipo pa mapepala a boma dzina langa ndi chala chachikulu ichi. Akulemba ndi mdzukulu wanga wamkazi, mwana woyamba wa mwana wanga, ndipo mdzukulu yemweyu ndiye ndinamulakwira. Ndamuuza kuti alembe monga mmene ndikunenera, asandiphimbe paliponse. Wayankha kuti, "Musade nkhawa Agogo, nsalu yokuphimbirani ndilibe."

Kuno ku London ndinabwera kudzalera ana. Mwana wanga wamkazi ndi nesi, amachoka m'mamawa n'kubwera miyendo itatupa, ndiye anandiitana kuti ndidzamugwirire aang'ono awiri. Tinkakhala ku Croydon, m'fulati ya pamwamba, pafupi ndi pamene imakhotera tiramu, sitima ija yoyenda mumsewu. Makoma a nyumba imeneyo anali opyapyala moti neba akayetsemula, ine ndinkatsala pang'ono kunena kuti pepani.

Wamkuluyu, wolembayu, sanali wolera ayi. Digiri yoyamba anali atatenga kale, tsopano ankalimbana ndi yachiwiri. Chimene ankaphunzira ndicho chinkasowetsa mtendere m'nyumba: ndakatulo za anthu a ku Ireland, m'chilankhulo chawochawo. Anachitola ali wamng'ono kwa mayi wina wachikulire wa kumeneko, amene ankamusunga amake akapita kuntchito, ine ndisanabwere.

"Anzako akuphunzira udokotala ndi malamulo," ankatero amake, "iwe ukuphunzira madandaulo a azungu amene anafa kalekale. Ntchito yake idzakhala yotani? Yolira m'maliro a eni?"

"Mami, si azungu wamba amenewa."

"Wamba ndi uti, wosakhala wamba ndi uti? Onse amadandaula za mvula."

Chamumtima ndinkagwirizana ndi amake. Kwa ine mzungu anali mzungu basi. Koma masana, aang'ono ali kusukulu, ine ndikusita mayunifolomu, mtsikanayu ankayala mabuku ake pa tebulo la kukhitchini n'kumandifotokozera ndi Chichewa chake cha zigamba.

Anati Ireland ndi chilumba, chili kuseri kwa dziko lino. Anati kale kumeneko mfumu iliyonse inkasunga mlakatuli wake, kumudyetsa, kumuveka, iye ntchito yake kuitamanda ndi kusunga mayina a makolo ake. Kenaka Angelezi anabwera n'kulanda minda. Mafumu ena anaphedwa, ena anathawira kutsidya kwa nyanja, alakatuli aja n'kutsala ngati agalu a mlenje wakufa. Ena mpaka anagwira khasu, n'kumadandaula m'ndakatulo kuti ulemu wawo watha.

"Kugwira khasu ndiye mpaka ndakatulo?" ndinatero. "Akanabwera kwathu ku Thyolo amenewo, bwenzi mabuku atafika kudenga."

Anaseka, koma mawu anga anawagwira. "Eya Agogo, ndi zomwezo. Amene analanda minda kwanu n'kudzala tiyi, ndi mtundu womwewo."

Ntchito yake, mmene ndinkaionera ine, inali ya upolisi. Ndakatulo iliyonse ankaikhazika pampando n'kuifunsa: wakupeka ndani, chaka chiti, kunja kunali nkhondo kapena njala? Ankatha sabata yathunthu ku laibulale kungofuna kudziwa ngati ndakatulo imodzi inapekedwa mfumu isanathawe kapena itathawa kale. Ankati ukaphonya chaka waphonya zonse, chifukwa mawu otamanda mfumu imene ili pampando ndi mawu otamanda mfumu imene yathawa sanyamula katundu wofanana. Ndinkamva, ndinkagwedeza mutu. Ndikunena zimenezi kuti wina asadzati gogo uja sankadziwa. Ndinkadziwa.

Tsopano ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa nkhaniyi mizu yake ili kwina.

Chaka changa chachiwiri kuno, mng'ono wanga anamwalira kumudzi. Akazi tinabadwa awiri okha, ine ndi iye. Anali wotsimphina mwendo wa kumanzere kuyambira ali mwana, ndipo ndinkamubereka popita kumtsinje mpaka atakula moti mapazi ake ankandigunda kuseri kwa mawondo. Uthenga unabwera pa foni m'mawa, ndikupatsa ana phala. Nthawi imeneyo pasipoti yanga inali ku ofesi ya mapepala, kudikira kuti andionjezere masiku okhalira kuno. Kukaitenga kunali kotheka, koma ndiye kuti kubwerera kuno kukanavuta, nanga ana akanatsala ndi yani? Ndinakhala.

Anthu a kwathu anabwera kudzatipepesa, a ku Lewisham, a ku Wembley, ndi amayi a ku Zambia amene timapemphera nawo. Anadzaza pabalaza, nsapato mulu pakhomo. Ine nditaona anthu chifuwa chinatseguka, ndinayamba monga timayambira kwathu, mokweza, kumuitana ndi dzina lake la paubwana. Sindinafike patali. Mwana wanga anandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti, "Amayi, pang'onopang'ono. Aneba aitana apolisi, aganiza kuti tikupha munthu muno." Ndinameza. Tinaimba nyimbo za m'buku motsitsa mawu, tinamwa tiyi, kenaka aliyense n'kuthamangira basi yake.

Koma zimene ndinamezazo sizinatsike. Miyezi yonse yotsatira ndinkamulira chamumtima, ndikutsuka mbale, ndikudikira ana pa geti la sukulu. Mawu ankabwera okha, lero ochepa, mkuja ena, mpaka inakhala nyimbo yathunthu imene inali isanatulukepo pakamwa.

Ndiye tsiku lina masana, ndili pa kusita pomwepo, mtsikanayu anaika kaseti mu wailesi. "Agogo, tamverani ichi."

Anali mawu a mayi wokalamba, ojambulidwa kalekale, tepi ikuchita phokoso ngati mvula pa malata. Chilankhulocho sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Koma ndinaimika simbi.

"Uyu akulira mwana," ndinatero.

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. "Mwadziwa bwanji?"

"Mwamuna sitimulira choncho. Tamva mmene akugwera kumapetoko."

Apo ndiye anakhala tsonga. Anati kwawo kwa anthu amenewa kunali amayi olira maliro, osadziwa kulemba ngati ine ndemwe, opeka mawu pomwepo mtembo uli pakati. Ansembe ankawaletsa, iwo osasiya. Anati zina mwa ndakatulo zimene ophunzira amazilemekeza lero zinachokera kwa amayi otero, zinakhala m'mitu ya anthu, mwana kulandira kwa amake, mpaka patapita zaka zambirimbiri wina anafika ndi cholembera.

"Iwowa ali nazo za zaka mazana," anatero. "Nanga ife Agogo? Palibe imene munasunga, yakale, ya agogo anu?"

Funso limenelo linandibaya. Ndinalibe. Kulira kwa kwathu kumapita ndi maliro ake, palibe amene amakhala pansi kuloweza mmene mnzake analirira. Za agogo anga ndinali nazo za pamtondo ndi za chinamwali, koma yolira ayi. Komanso sindinafune kuti gogo wa pa kaseti uja andipose pamaso pa mdzukulu wanga. Miyezi yonseyi mwanayu akutamanda zakale za eni, ine ndingoti kwathu kulibe?

Ndiye pali ichi chimene anthu a sukulu sachidziwa. Kwathu munthu sunena kuti nyimbo iyi ndapeka ndine. Amakuseka, amati kodi ameneyu akudziyesa ndani. Nthano ukaipeka uli kumunda, pofika pakhomo umati agogo anga ankanena, ndipo anthu amakhala pansi n'kutchera khutu. Ndachita zimenezi moyo wanga wonse, palibe amene anavulala nazo. Pakamwa panga panazolowera, moti mawu anatuluka ndisanawatume.

"Ilipo imodzi. Ankaimba agogo anga."

Analumpha, mpando n'kugwa. "Musaimbe pano! Dikirani, tikaijambule bwinobwino."

Patapita masiku tinakwera tiramu, kenaka sitima, mpaka kusukulu kwake. Anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera, makoma ake omata zofewa ngati matiresi, chitseko cholemera ngati cha firiji. Anandiikira chojambulira mawu kutsogoloku.

"Muno Agogo, ngakhale mukuwe bwanji, kunja samva. Lirani mmene mumalirira kumudzi."

"Samva?"

"Olo pang'ono."

"Ngakhale amene waima pachitsekopo?"

"Ngakhale ameneyo."

Ndinavula nsapato. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, miyendo tambalale, mtsikanayo n'kutsitsa chojambulira chija kunditsatira. Ndipo ndinamulira mng'ono wanga.

Mchemwali wanga iwe, wagona akukuyang'ana ndani?
Madzi okusambitsa atunga ndi alendo.
Ine anditsekera kuseri kwa chitseko,
njira ya kwathu ndikuiona, mapazi andimanga.
Mwendo wakowo auwongole bwino, umapweteka,
nsalu yako ya nsomba asaipatse wina, upite nayo.
Ndani akubereke pa mtsinje umenewo?
Msana wanga uli kuno, mchemwali, uli kuno.

Inali yaitali kuposa apa, koma zinazo ndi za ine ndi iye. Ndinalira mpaka mawu anasasa. Nditatsegula maso ndinapeza mtsikanayo misozi ili mbwembwembwe.

"Agogo, mwalira ngati zachitika dzulo."

Potulukira panali pamenepo. Ndikanangoti, mwanawe, zachitikadi dzulo. Sindinatero. Ndinapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje n'kupempha madzi. Iye anatenga kope lake, upolisi uja n'kuyamba.

"Anaipeka ndi agogo anu enieniwo?"

"Eya."

"Ankalira ndani?"

"Mchemwali wawo."

"Nanga chitsekochi, anawatsekera ndani?"

Ndinakumbukira mmene maso ake anawalira tsiku lija tinkanena za minda ya tiyi. "Mzungu wa esiteti," ndinatero. "Inali nthawi ya thangata. Anawakaniza kupita kumaliro chifukwa masiku awo a ntchito anali asanakwane."

Cholembera chinathamanga. Funso lililonse linkafuna bodza lake, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinkawakonza bwino. Mzunguyo ndinamuveka chipewa chachikulu. Ndinamupatsa galu wakuda wodya nyama pa mbale. Ndinamupatsa kapitawo wa ndevu, wa chikoti. Luso limene anthu ankandiyamikira nalo kumudzi, lomwelo ndi limene ndinamupwetekera mwana wa mwana wanga.

Nyimbo ija inasanduka chaputala cha buku lake la mayeso, ndipo chinali chaputala chimene ankachinyadira koposa. Anaiika pambali pa ndakatulo za amayi a ku Ireland aja: uku mayi wosaphunzira akulira pa dziko lolandidwa, uku mayi wosaphunzira akulira pa dziko lolandidwa, wolanda mmodzi. Anapita ku laibulale kukawerenga za thangata. Tsoka lake, zinthu zotero zinkachitikadi, ndiye chilichonse chimene ankapeza chinkabwera kudzaikira umboni bodza langa. Ankalowa m'nyumba asanavule jasi, "Agogo, zikugwirizana!" Ine n'kumati, "Nanga ukuyesa agogo ako ndi ana?" Ndinkatero kumene. Lemba, usadumphe.

Aphunzitsi ake anapempha kudzandiona. Anali mayi wa ku Ireland komweko, wamfupi, wa imvi. Anabwera Loweruka masana atanyamula buledi wophika okha, ndipo anandipatsa moni ndi manja awiri, mtsikanayu atawaphunzitsa. Tinakhala pabalaza, iye pakati kutanthauzira.

"Akuti agogo awo ankachidziwa chilankhulo chija, koma ana awo sanawaphunzitse. Ankachita nacho manyazi, ankati ndi cha amphawi. Nyimbo zonse zimene anali nazo m'mutu anapita nazo kumanda."

"Pepani," ndinatero.

"Akuti inu simunataye. Akuti mabuku onse aja a ku laibulale, ukawafukula mpaka pansi, umapeza gogo wina amene ananena zoona."

Ndinayang'ana pa kapeti n'kungoti zikomo. Mayi uja anauza mtsikanayu kuti agogo ako ndi odzichepetsa kwambiri. Atapita, ndinatsuka makapu kawiri, otsuka kale.

Amene anandigwira ndi mwana wanga. Kutatsala masabata awiri kuti buku liperekedwe, Lamlungu titaweruka kutchalitchi, mtsikanayu anakakamiza amake kuti amvere kaseti ija, poti anali asanaimvepo. Amake anamvera ataimirira, chikwama chili m'manja. Pakati pa nyimbo anakhala pansi. Itatha anangoti, "Yabwino." Mtsikanayo atatuluka, anandipeza kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Amayi, nsalu ya nsomba ija ndinagula ndine."

Ndinapitiriza kusenda anyezi.

"Ndinagula pa msika wa ku Lewisham, ndinawatumizira amayi aang'ono pa Khirisimasi. Agogo anu nsalu ya nsomba anaiona kuti? Nanga mwendo uja, nawonso ankatsimphina?"

Ndinasiya mpeni. Iye anatsamira firiji, maso atafiira. "Ndine ndinakuletsani kulira tsiku lija," anatero. Kenaka anapukuta m'maso, unesi n'kubwerera.

"Musamuuze. Kwatsala masabata awiri okha. Adzadziwa ndani? Azunguwa Chichewa sachimva, ku Thyolo sadzapondako. Mwanayu amalize, apeze ntchito, tipume."

Ndinavomera. Pa zonse, apa ndiye pamene pamandiwotcha. Bodza loyamba lija linatuluka lokha, ndingathe kunamizira pakamwa. Koma apa ndinaima, ndinaganiza, n'kusankha.

Masiku anayenda. Tsiku lokasoketsa buku, mtsikanayu anati tipitire limodzi, poti ndi lathu tonse. Mapepala anali m'jumbo ya pulasitiki, ataikumbatira pachifuwa ngati khanda. Mu tiramu anatulutsa pepala loyamba.

"Ili ndi lanu Agogo. Ndikuwerengereni?"

Anawerenga m'Chingelezi, kenaka n'kutembenuza. Analemba kuti bukulo akulipereka kwa agogo ake, amene sanapite kusukulu koma sanataye mawu a agogo awo. Ndinayang'ana pa zenera. Iye osaona, akungopitiriza, kuti aphunzitsi aja akuti chaputala chija chisindikizidwe kuti ophunzira ena aziwerenga, kuti chaka chamawa akufuna apite ku Thyolo akafunse agogo ena ngati akuikumbukira nyimboyo.

"Tidzapita limodzi. Mudzandionetse manda a mchemwali wa agogo anu aja."

Tinatsika, tinalowa m'sitolo yosokera mabuku. Mwini wake anayala zikuto pa kauntala kuti tisankhe, chakuda, chofiira, chobiriwira. "Sankhani ndinu Agogo," anatero mtsikanayu. Ndinaika chala pa chakuda, chala n'kukanirira pomwepo.

"Manda amenewo ine sindinawaone," ndinatero.

"Palibe kanthu, tidzafunsa akuluakulu."

"Si akale. Dothi lake silinaphwe n'komwe. Ndi a agogo ako aang'ono."

Sanamve msanga. Anamwetulira kaye, kudikira kuti nthabwala ifike kumapeto. Ndinanena zonse, pomwepo, mwini sitolo ataima ndi zikuto zake. Kuti nyimboyo ndi yanga. Kuti ndinaipeka ndikutsuka mbale m'khitchini momwe muja ankawerengeramo. Kuti agogo anga sanaimvepo.

Anayamba Chingelezi, chothamanga chija amalankhula akakwiya. Kenaka anakumbukira kuti sindikumva, n'kubwerera ku Chichewa, liwu limodzilimodzi.

"Mzungu wa esiteti uja?"

"Azungu analipo. Koma ameneyo ayi."

"Galu?"

"Kunalibe galu."

"Ndinatha masiku atatu ndikufufuza za agalu a azungu a esiteti, Agogo. Masiku atatu. Bwanji osangonena kuti ndi yanu? Ikanakhala yokoma chimodzimodzi!"

"Kwathu sitinena choncho."

"Ndinakufunsani. Ndinakufunsani mobwerezabwereza, inu mukundiona ndikulemba!"

Anapepesa kwa mwini sitolo, anabweza mapepala m'jumbo. Pobwerera tinakwera tiramu imodzi, iye kutsogolo, ine kumbuyo. Pamalo otsikira anandidikira, anandigwira mkono podumpha msewu monga mwa masiku onse, osandiyang'ana.

Kwa aphunzitsi aja anapita yekha kukaulula. Chaputala anachichotsa chonse, ndipo chitachoka buku linatsala lopyapyala, losakwanira. Anamupatsa nthawi ina kuti alembe china, za alakatuli a khasu aja. Anzake anavala mikanjo yomalizira maphunziro chaka chimenecho, iye anakawaombera m'manja. Miyezi yodikira ankagulitsa nsapato m'sitolo ina ku Wembley, kubwera atatopa n'kukhalanso pa mabuku. Amake anandikwiyira sabata yathunthu.

"Munakhala chete miyezi yonseyi, Amayi. Masabata awiri okha ndiye anakukanikani?"

Mtsikanayu sanandichitire mwano. Moni wa m'mawa ankandipatsa, ulemu wonse, mwadzuka bwanji Agogo, mankhwala mwamwa? Koma mabuku sanabwerenso pa tebulo la kukhitchini. Ankawerengera kuchipinda, chitseko chotseka. Ndinkasita ndekha, kumamva mapepala akutembenuzidwa kuseri kwa khoma lopyapyala lija. Ndinkafuna kudziwa kuti alakatuli aja zinawathera bwanji, ngati mafumu awo anabwerera. Ndinalibe nkhope yofunsira.

Aphunzitsi aja anatumiza mawu akuti nyimbo yanga ndi yabwinobe, ndisaitaye. Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandinyoza. Chaka chotsatira, tsiku limene mtsikanayu anavala mkanjo wake, mayi uja anandifunafuna pakati pa anthu mpaka kundipeza, manja awiri aja ali patsogolo. Ndinawalandira. Koma mukandifunsa kuti nkhope yawo inali yotani tsiku limenelo, sindingakuuzeni. Nsapato ndiye ndikuzikumbukira, zofiirira, za zingwe.

Mkanjo utabwezedwa, tsiku lina masana analowa kukhitchini ndi kaseti ija m'manja. Zimene analemba pa kapepala kake anali atazikhwatcha ndi cholembera mpaka pepala kung'ambika. Anakoka mpando.

"Pamafunika kulemba kanthu apa. Anaipeka ndani?"

Ndinazungulira. Ndinati anthu amapeka, mawu amabwera okha, nanga mwini wa mawu ndani.

"Agogo. Anaipeka ndani?"

"Ine." Liwu lalifupi chotero, koma linatuluka ngati ndikuzula chitsa.

"Liti?"

"Chaka chimene pasipoti inali ku ofesi."

"Mumalira ndani?"

Ndinatchula dzina lake lonse, ndi la paubwana lomwe, koyamba chichokere tsiku limene ananditseka pakamwa pabalaza paja.

"Anakutsekerani chitseko ndani?"

"Palibe. Mapepala, ndi makomawa. Ndi ine ndemwe, poti ndinasankha kukhala."

Analemba, n'kundipatsa kasetiyo m'manja. M'buku sinalowe, ndipo sidzalowa. Ili m'dilowa mwanga, pansi pa nsalu za kutchalitchi. Kuwerenga sindidziwa, koma ndimaizindikira ndi pokhwatcha paja.

Mabuku anabwerera kukhitchini pang'onopang'ono, koma osati monga kale. Mpaka lero ndikamasimbira aang'ono nthano, ndikangoti agogo anga ankati, iye amadzutsa maso. "Agogo ake ati?" Ine n'kuti, chabwino, ndine. Anawo amaseka, sadziwa chimene chikuchitika. Ine sindiseka.

Pano waimika cholembera. Akundifunsa ngati zonse ndanenazi zili momwemo, ngati nsapato zija zinalidi zofiirira. Zinali zofiirira. Mpando uja mwina sunagwe, unangogwedezeka. Buledi ndiye sindikudziwa ngati anaphika okha, n'kutheka anagula panjira. Lemba choncho.